Mzime Sanachire

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ine ndilipo. Mng'ono wanga Mzime alipo, koma sanachire, ndipo amene akufalitsa kumeneko kuti wachira akunama, ngakhale akhale azakhali athu.

Ndalemba chifukwa pafoni mumangoti eya, eya. Mlongo wanuyu akudwala limfoma, khansa ya m'malo muja mumatuluka mwanabele: m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Si matenda opatsirana, ndipo sanawatenge kwa mwamuna monga ankanong'onezana ena ataona kuti waonda. Dokotala anatiuza tsiku loyamba lomwe kuti mankhwala ake ndi a m'diripi, maulendo asanu ndi limodzi, ndipo anachenjeza kuti zotupa zimaphwa msanga matenda akadali m'kati. Walandira maulendo awiri okha.

Azakhali anabwera osaitanidwa, ine ndili kuntchito. Pakhomo ndimasiya beseni ndi sopo kuti alendo azisamba m'manja, iwo anangolumpha. Ndinawapeza atakhala pabedi, akutsokomola ngati galimoto yakale, manja ali kumaso kwa mwanayo. Anali atamupapasa kale m'khosi, osapeza chotupa, n'kuimbira foni mtundu wonse. Kenako anamuvula chipewa, ataona mutu n'kuyamba kulira kuti ndapereka mwana kwa anthu omuthira poizoni. Ndinawauza kuti tsitsi limathothoka ndi mankhwalawa ndipo limameranso. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe unakanika kumaliza sukulu yako, lero ndiwe wophunzitsa anzako kumaliza?"

Ndinawakumbutsa kuti pamene ine ndinkasiya yunivesite kudzadwazika malemu bambo, iwo ankabwera kudzangomwa tiyi. Anachoka osatsanzika.

Koma chifuwa chawo anatisiyira. Mankhwalawa amagwetsa ndi asilikali a m'thupi omwe, moti chimfine chimene inu mungapite nacho kuntchito, kwa Mzime chitha kukhala maliro. Thupi litangotentha ndinathamanga naye kuchipatala monga anatilangizira. Anamugoneka, ndipo diripi yachitatu anaisuntha kudikira kuti magazi akwere. Ine ndinkachoka pampando wa muwodi kupita kukasita masuti a eni ake, tulo tili m'maso, mpaka ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala. Abwana mpaka lero amandiimirira kumbuyo ngati ndikufuna kuba simbi.

Zonsezo ndikanapirira. Chandipweteka n'chakuti Mzime wawakhulupirira. Akuti khosi lake lasalala, nanga avutikirenji ndi kusanza, chakudya chilichonse kumamveka chitsulo m'kamwa. Akuti azakhali anamulonjeza kuti amalume abwera kudzamutenga. Ndikamufotokozera amatembenukira kukhoma, amati ndimalankhula ngati wailesi. Nesi wamkulu anamuuza pamaso kuti akalekeza panjira zotupa zimabwerera, ndipo kawirikawiri zimavuta kuposa poyamba. Anangomwetulira mwaulemu, kumwetulira kuja amachita akakhala kuti maganizo wamanga kale.

Ine ndiye ndimamugwirira beseni akamasanza, ndimachapa zofunda, ndimamunyengerera kuti ameze ngakhale supuni ziwiri. Lero mdani ndine, wachikondi ndi amene anabwera masana amodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Inu amakumverani kuyambira muja munkamukweza panjinga kupita naye kusukulu. Muimbireni foni nokha, osatuma alamu. Mumuuze akhale mpaka diripi yomaliza, ndipo mawu akuti wachira atuluke pakamwa pa dokotala, osati pa zala za azakhali. Amalume muwauze asavutike ndi ulendo, chifukwa akabwera ndidzawayankhira pazenera, ndipo ulemu unandithera muwodi muja. Wofuna kudzamuona abwere wopanda chifuwa, asambe m'manja, akhale pampando.

Moni kwa amayi. Muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe pamene ndalemba za azakhali. Moni kwa alamu ndi ana onse. Azakhaliwo muwafunse ngati chifuwa chinatha.

Ndine mlongo wanu,
Wamakani uja

Diripi yachitatu ndi Lachiwiri. Koma Mzime chikwama chonyamukira ndi amalume walongedza kale, chili kuseri kwa chitseko.