Mikanda Yofiira M'ndowe za Fulu

Amayi, kodi kumene muliko mwagona bwanji? Ine kuno ku Joni ndilipo, koma ndiyambe ndi dzina: Esinala, mwana wanu woyamba, amene ndasiya kumutchula achemwali.

Zakumudzi kaye. Achimwene a Yohane akolola bwino munda wanu wa kudambo, ngakhale mbewu zina zinapsa ndi ng'amba. Mkazi wawo wachira, mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Chiliza sitinamange, denga la kitchini likudonthabe. Ine ndili ndi pakati, miyezi isanu ndi umodzi. Musakwiye. Mwini wake ndi Madalitso wa ku Ntcheu, amawotcherera zitsulo ku Cosmo City, ndipo sakuthawa.

Ntchito ndi yomwe ija, ya m'nyumba, ndimagona kachipinda ka kuseri. Chimene sindinakuuzeni nchakuti madamu amaweta fulu. Inde, fulu, ndiwo ija achimwene ankawotcha kudimba. Kuno ali ndi dzina, Gogo, ali ndi mbale yake, ali ndi dokotala. Mmawa uliwonse ndimavala magolovesi, ndifufuze ndowe zake pa kapinga, ndiziphwanye ndi kamtengo, ndijambule, nditumize kwa madamu pa foni. Fomu 4 yanga inathera pamenepo, Amayi. Mwambi uja woti fulu amanyera wom'tola, ine ndimalandirira malipiro.

Ndinafika pozidziwa ndowezo ngati nkhope ya mnansi. Udzu umatuluka uli udzu. Njere za tomato zimatuluka zamphumphu. Zoyera ngati choko zija poyamba ndinkaziwopa, koma akuti ndi mkodzo wake. Nthawi zina kachigoba ka nkhono, nthawi zina kamwala. Ndipo mimba ya fulu ndi yaulesi ngati miyendo yake: chimene wameza lero umakachiona patapita masabata.

Mwezi watha Esinala anabwera kuchokera ku Yeoville, madamu atapita kunyanja. Anagona, anandiluka tsitsi, anasisita mimba yanga nati, "Iwe Chisomo, wang'ono kudumpha wamkulu chonchi?" Tinaseka. Mukudziwa kuti iye zaka zonsezi pabanja sanaonepo mwana, ndiye ndinaseka mokweza kuti asachite manyazi. Atapita, mikanda yanu munalibe m'sutikesi. Ija munandipatsa mukudwala, yofiira ndi yoyera, mukundiuza kuti yofiira umapachika ukakhala kumwezi, yoyera ukayera. Nditamuimbira analumbira. "Pali manda a amayi, sindinaione." Manda anu, Amayi, amene alibe ndi chiliza chomwe.

Lachiwiri lapitali kamtengo kanagunda chinthu cholimba. Ndinayesa njere. Njere ilibe bowo pakati. Nditatsuka pampopi, mkanda wofiira. Mawa lake inatuluka ina, yolumikizana ndi ulusi wakuda umene si wanu, inu munatungira woyera. Pa ulusiwo panakulungika tsitsi. Madamu ndi a tsitsi lofiirira, loterera. Ili linali langa.

Munkati mukatigwira titaba chimanga chachiwisi, "Pakamwa pamanama, kuthengo sikunama." Ndinawerengera mmbuyo monga mmene imayendera mimba ya fulu, ndipo ndinakafika pa Lamulungu lija Esinala ankandipesa.

Ndinamutsatira Gogo masana onse. Anadutsa kapinga, nakaima pakhomo la chipinda changa, pambali pa sitepe, pomwe dothi limafewa ndi madzi a mpopi. Pomwe ndimaponda ndikamatuluka. Anayamba kufukula. Pansipo panali kansanza kong'ambika, ndipo ndinakazindikira: nsalu ija tinavala ana anu pamaliro. Mikanda yoyera inali momwemo, yosakhudzidwa. Fulu amathamangira chofiira, amayesa chipatso. Anatola yofiira yokhayokha.

Ndinamuimbiranso foni Esinala. Akuti, "Ndimakutsirika iwe, Joni ndi woipa, anthu amaponda mimba za anzawo." Ndinati, "Kutsirika kumabedwa? Kumalumbiridwa pa manda? Nanga mkanda wa magazi umaukwirira pakhomo la munthu woyembekezera kuti umutchinjirize chiyani?" Analira. Ndinadula. Misozi yake ndinaidziwa kalekale, imatuluka msanga kuposa mkodzo wa mbuzi.

Ine Bayoloje ndinakhoza, Amayi. Ndikudziwa kuti mkanda ndi galasi. Ndikudziwa kuti fulu wasiya kudya chifukwa ulusi wamumanga matumbo, ndi mmene wanenera dokotala atamuunika. Akuti muli mikanda ina yambiri imene siikutuluka. Madamu andifunsa kuti mikanda inafika bwanji pa kapinga, ndati inaduka ndikuyanika zovala. Ndikanati chiyani? Gogo tsopano ali m'katoni pakhonde, mutu mkati, maso otupa, sasuntha.

Koma Bayoloje yomweyo siikundiuza chifukwa chake uyu wa m'mimbamu, amene amandimenya mateche mpaka supuni kugwa m'manja, wangoti duu kuyambira dzulo masana. Ndamwa madzi ozizira. Ndagonera kumanzere monga anatiuzira ku sikelo. Ndamuitana. Madalitso akubwera ndi takisi kuti tipite kuchipatala, ndikulemba ndili chikhalire pabedi, nsapato kumapazi. Potuluka sindiponda pa sitepe ija, ndilumpha.

Ngati kumeneko mumamva, musandipemphere kuti ndikhululuke. Ndigwirireni mwanayu basi. Mukamuona akubwera njira ya kwanuko, m'bwezeni, muuzeni kuti mayi ake ndi wolongolola koma akumudikira.

Za Esinala ndathera pano. Sindidzazinenanso, kwa inu, kwa achimwene, ngakhale kwa iye mwini. Ndimakukondani, Amayi. Chiliza ndidzamanga mvula ikadzatha, ndipo ndidzabwera ndekha kudzathira madzi simentiyo, mwana ali kumsana.

Ndine wanu,
Chisomo