Zala za Utoto Mumphika Wanu

Calama, 9 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Kodi mawondo aja akukupatsaniko mpata ndi mvula ya ku Dalcahue? Ine ndili bwino, kungoti milomo yang'ambika ndi kuuma kwa chipululu chino.

Ntchito ndi yomwe ija, yokonza mawaya omvetserera phokoso lochokera ku dziko lakumwamba la Jupita. Bwana wathu, Dokotala Ninoska Paillán, ndi mayi wamutu zedi. Anandifotokozera kuti kamwezi kena ka Jupita kali ndi mapiri olavula moto. Mpweya wotuluka m'mapiriwo umagwira magetsi, mphamvu ya maginito ya dzikolo n'kuukoka kuti uzizungulira nalo. Wozizira ndi wolemera umaponyedwa kunja, wotentha n'kulowa m'malo mwake, mpaka zonse kusakanikirana. Amayi, munthu kudziwa zimenezi ali pansi pano, atavala juzi ngati ife!

Koma pakamwa panga mukupadziwa. Lachiwiri wophunzira wina, Wladimir, anationetsa chithunzi cha pakompyuta, mpweyawo ukufalikira mosalala ngati batala pabuledi. Ndinamuuza pamaso pa onse kuti limenelo ndi bodza, chinthu chozungulira sichisakaniza choncho. Ndinati mumphika wanu wonyikira ubweya, Amayi, utoto umayamba watulutsa mizere yonga zala. Iye anati ine wongokwera makwerero a mawaya ndikaphunzitse nkhosa za kwathu. Ndinamenya tebulo, khofi n'kutayikira pamapepala ake.

Ndinkayesa ntchito yathera pompo. Dokotala sanakalipe. Anati zala zoterozo akhala akuzisaka kwa zaka zambiri, ndiye ndiwaonetse mumphika pa 30 mwezi uno. Zikapanda kuoneka, ndipepese pamaso pa onse, za ntchito tikakambirane mu ofesi.

Ndayesa kanayi ndi utoto wa m'sitolo, madzi akungoda bii. Zoona zake, sindinayang'anitsitsepo mmene mumachitira. Paja ndinkati za ubweya n'za akazi.

Chonde muuzeni mlongo wanga Yasna andilembere mayankho anu mwamsanga. Kodi wozizira ndi utoto kapena madzi? Mumathira pakati kapena m'mbali? Mumayamba mwatakasa? Mutumizenso makungwa opangira utoto pang'ono pabasi.

Moni kwa amalume Belarmino, azakhali Orfelina, alamu ndi adzukulu anu onse. Zikakanika ndidzamupepesa Wladimir, koma ndayamba kupepesa inu.

Ndine mwana wanu wouma mutu,
Eleodoro