Ati Njovu Sinaphe Munthu

Lachitatu, 18 Juni

Ndakwiya zedi lero. Masana tinali pakhonde la kiliniki, ine ndi azimayi a sikelo, wailesi ili pawindo, aphungu akukambirana ku Nyumba ya Malamulo. Ndamva ndi makutu angawa a Honalebo, phungu wathu, akunena kuti chiikireni mpanda wa tsabola kuno, njovu sinaphe munthu ngakhale mmodzi chaka chino. Anzawo n'kumamenya matebulo.

Poti amalankhula Chizungu, azimayi anati, "A Nesi, akuti chiyani? Tamva atchula kwathu." A Taizya anali pomwepo, mwana kumsana, akadali m'nsalu yakuda. Ndinawauza. Ndikanatani? Sanalire. Anangomanga mwana bwinobwino n'kunyamuka, sikelo osakwera.

Amuna awo, a Abraham Goma, ndinawalandira ine pa 9 Epulo m'mawa, atanyamulidwa pa chitseko. Njovu inawapeza panjira ya kumunda ali pa njinga. Nthiti za mbali imodzi zonse zothyoka. Anatsirizikira m'manja mwanga ambulansi ikadali kutsidya kwa mtsinje. Ndinalemba ndekha m'buku la kiliniki.

Mpanda wake uti? Mitengo, chingwe ndi nsanza. Tsabola ndi oilo wopaka pansanzazo zinabwera kamodzi, mu Januwale, tsiku lojambula zithunzi. Mvula inatsuka zonse sabata lomwelo.

Lachinayi, 19 Juni

Manje lero phungu wa mbali inayo waimirira, ndinati eya, wina anene zoona. Iye ati afa anthu seveni, ndipo akukiliniki akubisa mitembo. Kubisa mitembo ine? Ndiiika kuti, mufiriji ya katemera? Munthu sanapondepo kuno ku Chama chibadwire.

Atukwanana mpaka ena kutulutsidwa panja. Mapeto ake ati atumiza aphungu angapo a mbali zonse adzaone okha.

Loweruka, 21 Juni

A Jackson abwera kunyumba. Ndi tcheyamani wa chipani cha a Honalebo, amakhala kuboma, kuno amangobwera kukakhala msonkhano. Anafika ndi nkhuku, ati ya alendo. Ndinawafunsa kuti alendo ake ati.

"Mlongo wanga," ati, "a Abraham anafera panjira, kunja kwa mpanda. Ndiye a Honalebo sananame."

Ndinati, "Kapena njovu inayamba yafunsa kuti muli mkati kapena kunja?"

Anaseka chiseko chouma. Kenako ati akuluakulu akadzafunsa ndinene kuti inali ngozi ya njinga, popeza njinga inalipo. Potuluka ati, "Mwakhalitsa kuno, a Hellen. Kuli makiliniki ena mkati mwa chigwa komwe ngakhale foni siigwira."

Nkhuku yawo ndawabwezera. Inalira panjinga yawo yamoto mpaka kumsewu, nkhukuyo.

Lamulungu, 22 Juni

Kutchalitchi kwafika mphekesera yoti a Abraham anali ataledzera, anagwa okha panjinga. A Abraham! Mkulu wa mpingo amene ngakhale thobwa logona anali kulikana. Ndinamva azimayi awiri akunong'onezana kumbuyo kwanga: "Wailesi singaname." Ndinatembenuka n'kuwayang'ana mpaka anatsegula mabuku a nyimbo mozondotsa.

A Taizya sanabwere.

Lachiwiri, 24 Juni

Lero ndi Wilbroad, wa chipani chinacho. Tinaimba naye kwaya zaka zitatu, ndiye anafika ngati mnzanga. Ali ndi pepala la mayina seveni. Ndinawerenga. Awiri anafa ndi malungo, mmodzi anagwidwa ndi ng'ona chaka chatha, gogo wina anafa ndi ukalamba pamphasa pake. Awiri sindiwadziwa n'komwe. A Abraham ali pa nambala faivi, dzina lolembedwa molakwika.

Ndinati, "Wilbroad, ulibe manyazi?"

Ati, "Achemwali, mukanena mmodzi ku Lusaka palibe amene atembenuke. Seveni ndiye amva."

Ndinamuuza kuti tsiku limene a ku Lusakawo adzapeze kuti sikisi ndi abodza, wachisanu uja adzamutayanso pamodzi nawo. Ati ndagulidwa. Ine, wogulidwa! Loweruka ndinali wotsutsa, lero ndagulidwa. Ndinamutsekera chitseko pamphuno.

Lachitatu, 25 Juni

Odwala fote-thuu. Panado watha. Mutu ukundiwawa ineyo.

Lachisanu, 27 Juni

A Perpetua, aakulu athu pano pa kiliniki, atenga buku la Epulo n'kulikiyira m'kabati mwawo. Ati foni yachokera kumtunda, kwa mabwana. Ati, "Hellen, ndife antchito a boma, ndale si zathu. Ukafunsidwa uziti sukumbukira." Sindiwada, atsala zaka ziwiri kuti apume pantchito. Koma ndinawafunsa kuti nthiti zothyoka ndi za chipani chiti.

Madzulo a Taizya anandipeza pamjigo. Awonda. Ati mwana wawo wamkulu wakana sukulu, anzake akumuseka kuti atate ake anafa ndi kachasu. Achibale a mwamuna nawonso ayamba kufunsa ngati iwo akubisa kanthu.

"A Nesi, ine sindidziwa kuwerenga. M'buku muja munalemba chiyani?"

Ndinati ndinalemba njovu.

"Nanga bwanji wailesi ikukana?"

Ndinangowasenzetsa ndowa.

Lolemba, 30 Juni

Mpanda wauka kwa akufa! Anyamata a Jackson apaka nsanza zatsopano tsabola ndi oilo, koma mbali ya kumsewu yokha, pamene magalimoto adzaime. Kuseri kumene njovu zimalowera chingwe chili pansi, mbuzi zikudumpha. Aumbanso njerwa za tsabola, zija za ndowe za njovu zosakaniza ndi tsabola, zimene timaotcha kuti utsi uthamangitse njovu. Ati adzaonetse alendo. Kutimata phula m'maso masanasana.

Bornwell, mwamuna wanga, ati ndiganizire ana. Ndaganizira. Ndaganiziranso mwana wa a Taizya.

Lachinayi, 3 Julayi

Aphungu aja abwera. Magalimoto asanu, fumbi lokhalokha. Mipando anaiika pansi pa mtengo pafupi ndi mpanda wopakidwa uja. A chipani ichi uku, a chipani icho uko, ife pakati ngati mbuzi pamsika.

A Jackson anati ayambe ndi chionetsero. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti usanayatse njerwa ya tsabola umatapa dothi n'kuliwaza, uone kumene mphepo ikupita. Iwo anayang'ana kumene kuli kamera. Anayatsa zinayi nthawi imodzi, mphepo ikuombera kumipando. Mayo ine! Utsi wonse pa aulemu. Kutsokomola, kuyetsemula, wina mataye kumasula, mayi wina phungu kuthawira m'galimoto. A Honalebo athu misozi chuchuchu. Gogo wina kumbuyo kwanga ati, "Aliratu maliro lero, pa Epulo sanabwere." Ndinaluma mlomo.

Atasamutsa mipando, phokoso linayamba. Uku ati palibe wafa, uko ati seveni. Kulozana zala, wakuba ndiwe, wabodza ndiwe. Ola lathunthu palibe amene anatchula dzina la munthu.

Kenako tinamva kukwekwereza. A Taizya, m'nsalu yawo yakuda, akukoka njinga ija. Siyenda, gudumu lakutsogolo linapindika ngati chitete, chimango chinaphwatalala pakati pomwe phazi linaponda. Anaikoka kuchokera kwawo. Anaigoneka patsogolo pa tebulo n'kukhala pansi pambali pake.

Wapampando wa alendowo, bambo wa imvi, maso akadali ofiira ndi tsabola, anafunsa ngati alipo wa kukiliniki amene anaona. A Perpetua anayang'ana pansi. A Jackson anandiyang'ana. Wilbroad anandiyang'ana. Ndinaimirira.

Ndinati, "Mmodzi. Si ziro, si seveni. Njovu inamuponda pa 9 Epulo, anafera m'manja mwanga, ndipo sananunkhe mowa."

Anandikuwiza mbali zonse ziwiri. Chiyambire nkhaniyi, aka n'koyamba kugwirizana pa kanthu. Wapampando anamenya tebulo, n'kuitanitsa buku. A Perpetua anapita okha kukalitenga, makiyi akulira m'manja. Kalaliki wawo atafunsa dzina la malemu, sindinayankhe ine. A Taizya analitchula okha, kawiri, mokweza.

Lachisanu, 4 Julayi

A Jackson andidutsa pamsika osapereka moni. Wilbroad chimodzimodzi. Zikomo, ndapumula.

Cha m'ma teni a Perpetua anandipatsa envulopu yakhaki yochokera kuboma, ati yabwera ndi njinga yamoto. Sanandiyang'ane kumaso. Ndinaipinda n'kuiika m'thumba la yunifolomu, poti pakhomo panali a Taizya ndi mwana wawo wamkulu, atavala yunifolomu ya sukulu.

Ati, "A Nesi, tionetseni pamene munalemba."

Buku linali likadali patebulo. Ndinatsegula pa 9 Epulo. Mwana anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, dzina la atate ake, mudzi, zaka, mpaka pa mawu otsiriza: njovu. A Taizya anaika chala pamenepo.

"Ndi apa?"

"Ndi apo, amayi."

Anasisita pamenepo ndi chala. Kenako anamuuza mwana kuti athamange, belu lalira kale.

Envulopu ikadali m'thumba, yosatsegula; kaya ndi yonditumiza kuchigwa kuja. Panja pali odwala sate.