Alamu anu avina pasitima

Achemwali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Ife kuno ku Govan tili bwino, bondo la alamu anu linapola.

Tabwerako ku ulendo wa pasitima yapamadzi uja. Titakwera n'kupeza ana ali piringupiringu, mtima unandiwawa, poti ife Mulungu sanatipatse. Koma masana ena tinapeza chipinda cha akuluakulu okhaokha, momwe amaphunzitsa kuvina awiriawiri. Alamu anu, mkulu wa mpingo uja, anandigwira dzanja nati, "Nabanda, tiyeni. Tilibe mwana woti atiseke."

Ndinaseka mpaka misozi. Tinavina mopondana zala mpaka oimba anatopa.

Chonde musawauze amayi kuti mkamwini wawo amavina, angamawaitane pachinkhoswe chilichonse. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Esnart