Usawatumizirenso Kamlomo ka Lipenga

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kodi chifuwa cha kamtsikana kako chija chinatha? Nanga msana wako ukukulola kugwira ntchito? Kuno tikudzuka. Ana angokhalira kung'amba nsapato monga mwa masiku onse, ndipo alamu ako akuti moni wambiri.

Nkhani yanga ndi ya Bambo. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, usachite zako zija zowerenga mizere iwiri n'kuipinda kalata.

Usadabwe kuti sindinaimbe foni. Ikangolira muno, Bambo amakhala aima kale pakhomo, ndipo akamva kuti ndiwe amandilanda n'kuyamba kukuseketsa. Iwe umamva nthabwala, ine ndimaona nkhope. Ndiye ndapatsira kalatayi dalaivala wa kuntchito kwathu amene akubwera kumeneko mawa.

Phukusi lako linafika, ndipo timilomo touzirapo lipenga tiwiri tija analandira ndi manja awiri. Tsopano tandandalika pawindo la kuchipinda kwawo pamodzi ndi tinzake tonse unatumiza chaka chino. Anthu ena amaika maluwa pawindo, ife kwathu kuno ndi tizitsulo.

Za timilomoti ukudziwa ndiwe, poti unaimbako nawo mu bandi. Ine ndinakula ndikungozimvera kuseri kwa khoma, koma makutu alibe zitseko. Ndikukumbuka Bambo akukuuza kuti kamlomo ka lipenga kali ngati nsapato, ukapeza kokukwana usayendenso m'masitolo. Kawo kakale kaja ukukadziwa, ka mkombero wotakata wosalala, kakapu kake kozama, kotulutsa mawu onenepa aja ankatidzutsa nawo Lamlungu. Anayamba kukaimbira ife tisanabadwe, mpaka siliva yense anasuluka. Lero kali mu dirowa, pamodzi ndi mabatire akutha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mawu apamwamba anayamba kuwathawa, akati akwere lipenga n'kumangosweka mawu. Iwo anati kamlomo kakula. Ndinaseka, ndinati chitsulo chimakula ngati mwana? Sanaseke nawo.

Kubandi ndiye ukudziwa, aliyense ndi dokotala wa mnzake. Otsogolera bandi anawauza kuti ayese mkombero wocheperako, milomo izisonkhana pamodzi. Mkulu wa lipenga lalikulu lozungulira thupi uja anati ayi, vuto ndi kuya kwa kakapu, apeze kosaya kuti mpweya uzibwerera msanga. Bambo anamvera onse awiri, ndipo ndi pamene anayamba kukutuma.

Kalikonse katsopano kamagwira ntchito masiku ochepa. Amasangalala, amaimba mpaka agalu a m'mizere ya nyumba ino kulira. Kenako mawu aja athawanso, iwo n'kukuimbira foni kuti upeze ka nambala yokwererapo, kochepa mkombero, kosaya kuposa kaja. Kamene akuimbira panopa n'kosaya ngati batani la jekete. Mawu ake ndi owonda, olasa m'khutu, moti ndikamawamva kukhitchini sindizindikira kuti ndi bambo anga.

Tsopano imva zimene foni singakuonetse.

Ukudziwa kachizindikiro kozungulira kamene mkombero umasiya pamilomo munthu akatha kuimba. Ka Bambo kanali pakati penipeni moyo wawo wonse. Tsopano kasendera kumanzere, ndipo kakusenderabe. Akusakasaka mbali ya mlomo imene ikuwamverabe.

Mbali ya kumanja yalefuka. Akamaimba, mpweya umatulukira pangodya ya kamwa, umachita kumveka kuti fiii. Akamamwa tiyi amadonthera pa malaya, n'kunena kuti makapu a masiku ano ali ndi milomo yoipa. Zala za kumanja zikuchedwa kudina mabatani a lipenga, iwo akuti mafuta ndi amene auma, ndiye akungothira mafuta mpaka lipenga likuterera m'manja. Chilichonse m'nyumba muno chalakwa kupatula thupi lawo.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi pamene akukakamiza mawu apamwamba aja. Kamlomo kosaya kamafuna mphamvu, ndiye amakankha mpaka mitsempha ya m'khosi kutupa, maso kufiira. Akatero amakhala pabedi atagwira mutu, n'kundiuza kuti nditseke katani, kuwala kukuwabaya.

Sabata yatha m'mawa kapu inawapulumuka m'dzanja. Atati andiitane, mawu anatuluka olemera, osokonekera, ngati ali ndi chinthu chotentha m'kamwa. Patapita kanthawi zinawabwerera, anaseka, n'kunena kuti lilime linali lisanadzuke.

Ndinathamangira kwa anesi oyandikana nafe aja. Sanandilole n'komwe kumaliza kufotokoza. Anati zimenezo ndi zochenjeza, zimabwera n'kupita, koma sitiroko yaikulu ikabwera sipita. Anati ndiwatengere kuchipatala tsiku lomwelo, osati mawa, ndipo lipenga aliike kaye m'bokosi chifukwa kuuzira mwamphamvu choncho kuli ngati kuitana tsoka. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kwathu kuno chikuimba lipenga m'mawa uliwonse.

Nditawauza Bambo, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anandifunsa ngati kuchipatala anayamba kugulitsa timilomo. Anati ine ndikudziwapo chiyani, munthu woti ngakhale likhweru limandikanika. Anesi aja atabwera okha ndi kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi, Bambo anawalandira mwaulemu, anawafunsa za ana, kenako anati ali ndi pokonzekera, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Dzana anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mmisiri wokonza zoimbira uja, wa kashopu ka pansi pa masitepe. Anati ndiwanyamulire bokosi la lipenga. Taganiza, munthu amene sankalola aliyense kuligwira! Ndinanyamula osafunsa kanthu.

Kumeneko anatulutsa kamlomo katsopano kamodzi mwa tako tija. Anauza mmisiri kuti anole m'mphepete mwa mkombero, cha m'kati, chifukwa akakagunditsa pamlomo sakukamva kuti kali pati. Mmisiri anati anthu ambiri amabwera kudzasalazitsa, koma akuluakulu akale ndi olimba, n'kuyatsa makina uku akucheza za mpira. Tizidutswa tachitsulo tinkagwera patebulo.

Atamaliza, Bambo anakalumikiza pa lipenga pompo. Anakoka mpweya, anakwera, anakwera, mpaka anawapeza mawu aja. Mawuwo analira ndithu mu shopu monse.

Atachotsa lipenga pakamwa, magazi anali akuyenderera kuchokera pamlomo, kutsika pachibwano, mpaka pa kolala ya malaya awo oyera. Iwo sankadziwa. Anamwetulira ndi theka la kamwa, n'kutifunsa ngati tamva mmene akwerera. Mlomo unali utang'ambika ndithu, koma sanamve ululu ngakhale pang'ono. Mmisiri anazimitsa makina, anasiya za mpira, n'kumangondiyang'ana ine.

Mlongo wanga, ndikuopa. Sindinaopepo chonchi chimwalirireni Amayi.

Loweruka la sabata yamawa bandi ikuguba mumsewu waukulu mpaka kubwalo la masewera, masana dzuwa lili pamutu. Mu nyimbo yomaliza muli chigawo chimene Bambo amaimba okha, ndipo chimathera pa mawu apamwamba omwewo, ogwira nthawi yaitali. Kumbali kwawo kumakhala mtsikana wina amene amawafika mawu amenewo ngati akusewera. Ndi mwana waulemu, sanawalakwire, koma Bambo akamuona amaona mpando wawo ukupita.

Ndinapita kwa otsogolera bandi kukawapempha kuti awapumitse. Anandimvera chisoni, koma anati iwo sangachotse munthu amene anawaphunzitsa kugwira lipenga. Pamwamba pa apo anakawaululira Bambo kuti ndinabwera. Chichokereni tsiku limenelo, kupatula za bokosi zija, Bambo sakundilankhula. Akafuna mchere amauza mdzukulu wawo.

Wamisala anaona nkhondo. Ine ndakuwa mpaka mawu atha, koma m'nyumba muno ndine mwana wosadziwa nyimbo. Iwe ndi amene amakumvera. Amauza aliyense kuti mwana wawo wamwamuna ndiye amamvetsa, ndipo akudikira kamlomo kena kuchokera kwa iwe, kosaya kuposa tonse, kamene akuti kawapulumutsa pa tsikulo.

Sindikukuimba mlandu, ngakhale nthawi zina ndimafuna kukukoka khutu. Unkatumiza chifukwa cha chikondi. Koma phukusi lako lililonse limawauza kuti matenda ali mu chitsulo, ndipo amalikhulupirira chifukwa lachokera kwa iwe.

Choncho ndagwira mwendo wako, usatumizenso. Bwera wekha, manja ali lendelende, lisanafike Loweruka limenelo. Kuntchito uwauze chilichonse chimene ungawauze. Udzakhale patsogolo pawo monga woimba mnzawo, udzawapemphe akuimbire mawu amodzi apansi, aatali, ngati mmene ankakuyesera iwe uli wamng'ono. Udzayang'ane pakamwa pawo. Ukadzaona, udzawauze m'chinenero chanu cha oimba, ine galimoto yopitira kuchipatala ndidzakhala nditaimika kale panja.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuuze andikhululukire pomubera mwamuna kwa masiku angapo. Ana uwapsompsone, uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mulungu akusungeni nonse, akuyendetse bwino panjira, ndipo atisungire bambo athu kufikira utafika.

Ndimati nditseke apa, koma Bambo alowa muno pompano. Ataona kuti ndikulembera iwe, nkhope yawo inawala, mpaka anaiwala kuti sakundilankhula. Anati ndiwapatse pepala alembe okha nambala ya kamlomo, poti ine ndingasokoneze. Ndinaphimba zapamwambazi ndi dzanja, n'kuwapatsa pansi pa tsamba.

Zimene ukuziona m'munsimu ndi zimene alemba. Sindinafufute kanthu. Ndi dzanja la munthu amene wakhala akukopera bandi yonse manotsi a nyimbo, ooneka ngati osindikiza pa makina. Anayesa kawiri, mzere n'kumatsetserekera pansi, ndipo ine sindikutha kuwerengapo nambala iliyonse.

Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachigwedeza cholembera, anachiyang'ana kunsonga, n'kuchiponya patebulo. Akuti ndikuuze kuti zolembera za kuno n'zachabechabe, potumiza kamlomo uikemonso cholembera chabwino.

Bwera msanga, iwe.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene akukudikira pakhomo.