Boti lapsa pa laputopu

Lachinayi, Mbamba Bay. Kwatentha, koma mtima uli m'malo.

Lero ndamaliza kuwonjezera zitsulo mu gemu yanga ija yothira mchenga, madzi ndi moto pa sikirini. Ndaikamo mkuwa, chitsulo wamba ndi aluminiyamu. Tsopano ukalumikiza batire magetsi akuyenda, babu n'kuyaka, ndipo magetsi akachuluka waya akumatentha.

Ndinaipangira ana a m'kalasi langa, koma oyamba kuiyesa akhala amuna anga, omwe aja amati laputopu ndi chidole. Ajambula boti lawo lamatabwa, batire ndi nyali zokopera usipa. Pamalo pa fyuzi aikapo aluminiyamu.

"Bwanji osaika fyuzi, bambo a Tadala?" ndawafunsa.

"Fyuzi wachiyani? Tonse mpaka ku Liuli timakulungapo kapepala konyezimira ka aluminiyamu ka m'paketi ya fodya. Palibe shida."

Ine ndangogunditsa mawaya awiri, monga zimachitikira mafunde akakula. Fyuzi akanaduka, koma aluminiyamu uja sanaduke. Waya wafiira, matabwa agwira moto, boti lonse psiti, iwo akuyang'ana.

Aseka, akuti gemu yanga ndi yabodza. Koma tiyi amusiya osamaliza, ati akukaona fundi wokonza injini.

Masana atabwerako, ndikuchapa malaya awo, m'thumba ndapezamo kapaketi ka mafyuzi atsopano, mmodzi atachotsedwamo kale. Munalinso kapepala konyezimira kaja, mbali imodzi katapserera bii.

Kapepalako ndakasunga. Amuna angawa akhala akupita nako panyanja chaka chonsechi, ine ndili m'tulo.