Nyemba za Ummi Zosamwa Madzi

Assumane, Lichinga
24 Januwale 2024

Okondedwa achimwene Mahamudo,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Nacala kumeneko, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno tili moyo, Alhamdulillah, kungoti mvula yatikwana. Zovala zikutha masiku atatu pachingwe osauma, ndipo msewu wopita kumsika wasanduka phala.

Ndikudziwa kuti Idrisse akangoimitsa lole yake muthamangira kumbuyo kukafuna thumba la mbewu lija munapempha. Musadzivute, mulibe. Ndamupatsira kalata yokhayi basi. Pafoni sindikanatha kunena zimenezi, chifukwa nyumba yathu mukuidziwa, ukatsokomola kuchipinda wa kukhitchini amati pepani, komanso inuyo mukayamba kukamba za mwana wanu simupatsa munthu mpata. Choncho khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Ndipo chonde, lekani kuuza anzanu akudoko kuti Ummi watulukira nyemba zosamwa madzi. Manyazi omwe tili nawo kuno ndi okwanira kale.

Ndiyambe poyambira. Sukulu itatseka mu Disembala, ana a anzathu anabwera kunyumba ndi manja awo kudzathandiza ntchito. Wanuyu anabwera ndi mapepala anayi. Akuti chaka chino, polowa kalasi ya khumi ndi chimodzi, kuli gulu lapadera la biyolojiya la Pulofesora Marisa. Gululo limatenga ana makumi atatu okha, ndipo ndi okhawo amene amalowa m'chipinda cha makina oonera tizilombo. Olifuna alipo oposa makumi asanu ndi atatu. Ndiye mayiyo, pofuna kupeta, anawapatsa ntchito yoti achite patchuthi, kuti amene aigwire bwino ndiwo alowe. Inu mukudziwa kuti chimwalirireni mayi ake Ummi nyimbo yake ndi ya udokotala, ndiye mapepala amenewo anawasunga ngati chiphaso chopitira ku Makka.

Tchuthi chonsechi ine sindinaone mwana. Ndinaona msana wa munthu woweramira tebulo. Ukamutuma mchere akuti dikirani ndimalize kujambula selo. Ukati tiye kumsika ukandithandize kuyeza nyemba akuti ali ndi mawu zana oti aloweze. Ndinkaphika uku ndikumva "mitokondriya, mitokondriya" mpaka ndinayamba kukayikira kuti mwina ndi dzina la mnyamata. Zonsezo ndinapirira. Chimene chinandikwana ndi zitini.

Ntchito yaikulu inali yodzala nyemba m'zitini zisanu ndi chimodzi, n'kumaziyeza ndi rula tsiku lililonse kwa milungu isanu. Anakhuthula zitini zanga zamkaka zomwe ndimasungiramo mabatani ndi singano, nazibowola kunsi ndi msomali. Anapisa dzanja m'thumba langa la mbewu yabwino ya ku Chimbonila, n'kumasankha imodziimodzi ngati akusankhira mfumu. Ziwiri anaziika pakhonde kuti zizimwa ndi kuwothera dzuwa monga mwa nthawi zonse. Ziwiri anazitsekera mu kabati yanga ya zovala, mumdima, pafupi ndi nsalu zanga zakuukwati. Ziwiri zotsalazo, zitangomera, anaziika pawindo la pabalaza, m'kati momwe mvula singafike, chilichonse pa kambale kake, n'kumatapo pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu za Chipwitikizi zoti zisalawe madzi.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe Ummi, nyembazi zakulakwira chiyani?"

Iye amvekere, "Ndi esiperiyensiya, Titiya. Tikufuna tione chimene chichitike."

"Chimene chichitike ndikuuze ine pompano ulembe, tipume tonse. Zifa."

"Sizilembedwa choncho, Titiya. Pulofesora akufuna manambala."

Manambala! Achimwene, mayi aliyense wa ku Chimbonila amadziwa kuti nyemba ikasowa madzi imafa, ndipo palibe anamupatsa rula. Koma ndinatseka pakamwa, poti ine sukulu ndinalekezera panjira.

Tsopano pano ndi pamene muyenera kuwerenga mofatsa, osandiweruza musanamalize. Mukukumbukira kuti titathawira ku Mangochi nthawi ya nkhondo, amayi ankatikwapula tikataya madzi otsukira mbale pamtetete. Ankati madzi alionse ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo anali dzungu lija la kuseri kwa chisakasa. Dzanja langa linakulira pamenepo. Ndiye taganizani, windo limenelo lili pomwe ndimakhala posankha nyemba za kumsika, pomwenso ndimayala mkeka poswali, nthawi ya mapemphero. Mlungu wachiwiri masamba anayamba kuzolika. Ndikaweramuka, ndi izo. Ndikatembenuka, ndi izo, zikundiyang'ana. Kunja mvula ili pukupuku, madzi akusefukira m'migolo, koma m'nyumba mwanga muli chamoyo chikufa ndi ludzu ine ndikuonerera.

Tsiku lina masana Ummi anapita kwa mnzake Amanda, mwana wa a Gregório a kuseri kwathu aja, kukajambula zithunzi zawo. Ine ndinali nditangomaliza kutawadha, kusamba kuja kokonzekera swala, ndipo m'birika, ketulo yanga yosambira, munatsala timadzi. Sindinganene kuti ndinaganiza. Dzanja linangopita lokha. Koma ndisakunamizeni kuti ndinachita mopusa, ayi, ndinachita mochenjera, ndipo ndi zimene zikundiwawa kwambiri. Sindinathire pamwamba, poti ndinkadziwa kuti m'mawa uliwonse amagwira dothi ndi chala. Ndinathira m'kambale kapansi kaja, chitini chinamwera kunsi kudzera m'mabowo, kenako ndinapukuta kambaleko ndi nsonga ya nsalu. Pamwamba panali gwa ngati kale. M'mawa mwake masamba anali ataima, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Ndinati ndi kamodzi kokha. Kenako kanakhala kawiri. Kenako chinasanduka chizolowezi cha masana alionse mwana akatuluka. Za mu kabati sindinazikhudze, Mulungu ndi mboni, kupatula kuti potenga nsalu nthawi zina ndinkaiwala kutseka chitseko mpaka madzulo. Chabwino, sindinkaiwala.

Ine ndinkayesa kuti mwana aona nyemba zili moyo, akondwa, alemba kuti zili moyo, nkhani yatha. Sindinadziwe kuti mutu wa mwana wanu sugona. Poyamba anasokonezeka. Ankayeza kawirikawiri, n'kutsegula buku, n'kuyezanso. Kenako tsiku lina anatuluka m'mamawa, anaima pakhonde kuyang'ana nkhungu ija imaphimba Lichinga nyengo ino, nabwerera m'nyumba maso ali ngwee. Akuti wazindikira. Akuti nyemba za ku Chimbonila zinazolowera kumwa chinyezi cha mumpweya kudzera m'masamba, ndipo mwina palibe anazilembapo zimenezi. Analemba masamba anayi a m'kope tsiku lomwelo osadya.

Ndi tsiku lija anakuimbirani foni. Inu munakuwa mpaka ndinakumvani ndili kukhitchini ndikusenda kachewere, ndipo mpeni unandicheka chala. Munati mwana wanga ndi wasayansi, munati mbewu imeneyo itumizidwe kuno anzanga akadzale kumchenga. Munalankhula nanenso, n'kundithokoza polera bwino mwana. Ndinayankha kuti zikomo. Kuchokera pamenepo ndinali ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi. Ndikasiya kuthirira, nyemba zifa, mwana asweka mtima. Ndikapitiriza, bodza likukula ndi masamba omwe. Ndinapitiriza, ndipo inunso muli ndi gawo lanu pamenepa, chifukwa chimwemwe chanu chija chinanditseka pakamwa.

Lachinayi lapitali anandikhazika pampando kuti ndimvetsere, akuyeserera zomwe akanene Lolemba pamaso pa Pulofesora ndi anzake onse. Anawerenga m'Chipwitikizi, ine n'kumangogwedeza mutu. Pomaliza anati ndime yotsiriza andimasulira m'chinenero chathu kuti ndiimve bwino. Anawerenga kuti, "Ndikuthokoza Titiya Rukaya, amene anandilera, ndipo sanakhudze zitini zanga ngakhale zinkawapweteka mtima."

Achimwene, ndinalephera. Ndinamuuza zonse, za birika, za kambale, za chitseko cha kabati.

Ndinkayembekezera kuti alira kapena akalipa, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangofunsa kuti, "Kangati?" Ndinati sindinawerenge. Anakatenga birika, kapu ndi kope, nandiuza kuti ndithire m'kapumo monga momwe ndinkathirira. Ndinathira, anayeza, analemba. Anandifunsa tsiku ndi tsiku kubwerera m'mbuyo, kuti Lachisanu lija kunali maliro munathira, nanga tsiku lomwe munapita ku Chimbonila. Ine mayi wamkulu, wa imvi zanga, kufunsidwa ngati wakuba nkhuku m'nyumba mwanga momwe!

Amanda atamva anabwera ndi nzeru yake. Anati, "Amiga, mnzanga, usadzivute. Tenga manambala anga a zouma, usinthe pang'ono, zitinizo uziike padzuwa zifote. Adziwa ndani?" Apa ndiye pali chinthu china chimene ndikuchita nacho manyazi kuposa madzi aja. Inenso ndinavomereza. Ndinati mnzakoyu akunena zoona, milungu isanu yako isapite pachabe chifukwa cha ine. Koma Ummi anang'amba masamba anayi aja a nkhungu, nayamba kulemba zomwe zinachitikadi.

Lolemba anandiuza kuti ndivale tipite limodzi, ndinyamulenso birika. Ndinakana, ndinati ndili ndi msika. Anati, "Inu ndi gawo la esiperiyensiya." Ndinapita. Kusukuluko tinapeza mzere wa ana, aliyense atanyamula zitini za nyemba zakufa, zouma bwinobwino monga buku likufunira, makolo awo akunyadira mitembo. Ife tokha ndi amene tinanyamula zobiriwira, zina zitayamba kale kuyanga. Ine kumbuyo ndi birika langa ngati ndikupita kukatawadha pabwalo la sukulu.

Pulofesora Marisa ndi mayi wamng'ono thupi, wa magalasi, wosaseka. Anawerenga kope lonse. Kenako anakweza maso n'kundifunsa kuti, "Mama, munathiriranji?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. Ndinangoti, "Zinali ndi ludzu, Pulofesora."

Ana onse anafa nacho chiseko. Ummi sanaseke, anangoyang'ana pansi. Pulofesora anawakhalitsa chete, nati ntchito ya milungu isanu yawonongeka ndipo sangaiyeze pamodzi ndi za ena, chifukwa kutero n'kulakwira ana amene anachita zonse molondola. Koma anatinso pa makope onse omwe wawerenga, ili lokha ndi limene lanena chinthu chomwe mwini wake sanafune kuti chichitike. Mayina makumi awiri ndi asanu ndi anayi a olowa m'gulu lija anawalemba ndi cholembera cha inki. La Ummi analilemba pansi penipeni ndi pensulo. Wamupatsa milungu itatu kuti abwerezenso zitini zouma ndi za mumdima. Zikayenda bwino, adzalemba ndi inki. Zikavuta pena paliponse, afufuta, ndipo pali ana ambiri amene akudikira mzere umenewo.

Ine ndikunenabe, ndipo ndidzanena mpaka kumanda, kuti ntchito imeneyi ndi yachabechabe. Kupha mbewu dala kuti udziwe kuti yafa! Koma maganizo anga palibe anawafunsa, ndipo si dzina langa lili pa pensulo.

Titafika kunyumba anasankha mbewu zina, anadzaza zitini zina, nazinyamula zonse kupita nazo kwa a Gregório. Akuti kumeneko kuli kabati yokhala ndi kiyi. Tsopano amapita kukaziona m'mawa ndi madzulo, mvula ikumukwapula, pomwe pano pali windo labwinobwino. Ndinamuuza kuti ndalumbira sindidzakhudzanso, andimange manja ngati akufuna. Anayankha mwaulemu kwambiri kuti, "Musadandaule, kumeneko kuli bwino." Ulemu umenewo ndi umene ukundipha. Zaka khumi ndi chimodzi ndamulera, ndamusambitsa ali ndi chikuku, ndipo lero sangandisiyire chitini cha dothi.

Ndiye ndili ndi zopempha. Anzanu aja muwauze chilichonse chomwe mungafune, muwauze kuti mlongo wanu ndi wamisala, sindikana. Mukamaimba foni musaseke, ngakhale ndikudziwa kuti pofika pano mwaseka kale mpaka bondo layambanso kuwawa. Mumuikire dua pa swala zanu, mumupempherere kuti nyemba zimenezo zife bwino, chinthu chomwe sindinaganizepo kuti ndidzapempha munthu. Ndipo dzinalo likadzafufutidwa, mkwiyo wanu mudzabwere nawo kwa ine, mwanayo alibe chifukwa.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. A Gregório akupatsani moni, Idrisse apereka wake yekha. Moni wa Ummi sindingakulembereni, chifukwa sakudziwa kuti ndalemba kalatayi, komanso kuyambira Lachinayi lija sananditchulepo Titiya, amangoti "inu". Musamuuze kuti andikhululukire, zimenezo musiyireni mwini wake. Mungomufunsa ngati wadya, chifukwa ndikafunsa ine amati wakhuta, koma mbale ndimaipeza momwe ndinaisiyira.

Ndine mlongo wanu,
Rukaya